Kusankha nsomba zokhalirana mwamtendere m'thanki ya galasi

Alimi anzanga, sabata ino tichoke pang'ono ku munda ndi ku dimba kuti tikambirane za chiweto china chimene ambiri a ife tangochiwonera m'nyumba zogona alendo, m'malesitilanti kapena m'maofesi a m'tauni. Tikunena za tinsomba tamawangamawanga timene amatiweta m'thanki ya galasi, yomwe pa Chingerezi amati aquarium. Nsomba izi si za ndiwo ayi. Amaziwetera kukongoletsa nyumba, kukopa makasitomala pa malo a bizinesi, ndiponso kuphunzitsira ana za chilengedwe. Ena akazizolowera amaziswetsa n'kumagulitsako ana ake.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri oyamba kumene ndi ichi: munthu amafika kwa wogulitsa n'kumangoloza nsomba iliyonse imene yamudolola, iyi yofiira, iyo yachikasu, inayo ya mchira wautali. Akafika kunyumba amazikhuthulira zonse m'thanki imodzi. Pakutha pa masabata awiri amapeza zina zanyenyeka zipsepse, zina zabisala pakona osadya, zina zasowa ndithu osadziwika kumene zalowera. Ndalama zapita, ndipo mwini wake amayamba kudandaula kuti adamugulitsa nsomba zodwala. Chonsecho adalakwitsa yekha tsiku logula lomwe lija.

Mlimi aliyense amadziwa kuti anapiye satsekeredwa m'khola limodzi ndi nkhumba, ndipo atambala awiri akuluakulu sakhalitsana pa bwalo limodzi osajomphana. Nsomba nazo n'chimodzimodzi. Zilipo zofatsa, zilipo zandewu, zilipo zodya zinzake, ndipo kukongola kwa nsomba sikukuuzani kuti ili m'gulu liti. Paja akulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tsono musanatulutse ndalama m'thumba, nsomba iliyonse muyifunsire mafunso anayi.

Funso loyamba: kodi idzakula bwanji?

Nsomba zambiri zimene mumaziwona kwa ogulitsa ndi ana chabe. Kansomba kotalika ngati chala lero kangathe kudzafika pa msinkhu wa chambo chachikulu chaka chamawa. Mwachitsanzo nsomba yotchedwa oscar amaigulitsa ili masentimita 5, koma imafika masentimita 30 kapena kuposerapo. Ndipo lamulo la m'madzi ndi limodzi: nsomba imameza chilichonse chokwana m'kamwa mwake. Ngakhale ikhale yofatsa chotani, ikakula kuposa zinzake idzayamba kuzitola imodziimodzi usiku.

Mudzamva ena akunena kuti nsomba imakula molingana ndi thanki imene ikukhalamo. Zimenezo musazikhulupirire. Chimene chimachitika n'chakuti nsombayo imapinimbira chifukwa cha kuthinana ndi madzi oipa, monga amachitira mwana wa ng'ombe wosowa msipu, ndipo siikhalitsa. Kwa woyamba kumene, sankhani mitundu imene ikakula siipitirira masentimita 7.

Funso lachiwiri: khalidwe lake ndi lotani?

Nsomba zovuta zili m'magulu atatu. Zoyamba ndi zolanda malo. Izi zimasankha mwala kapena ngodya n'kumathamangitsa iliyonse yoyandikira. M'nyanja yothamangitsidwayo imangothawira kutali, koma m'thanki kothawira kulibe, choncho imazunzika mpaka kufa. Zachiwiri ndi zoluma zipsepse za zinzake, makamaka za zija za michira itali zosambira pang'onopang'ono. Bala lake limalowa matenda. Zachitatu ndi zodya zinzake zija tanena kale. Nsomba ya gulu lililonse mwa atatuwa isalowe m'thanki yanu yoyamba.

Funso lachitatu: imafuna madzi otani?

Nsomba zimenezi zidachokera m'maiko osiyanasiyana ndipo madzi a kwawo ndi osiyananso. Zina zimakondwa m'madzi okhala ndi laimu wambiri. Madzi otere mungawazindikire nokha: sopo sachita thovu msanga, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera zouma. Madzi a m'mijigo yambiri ndi otero. Zina zimafuna madzi ofewa onga a mvula, aja sopo amachita thovu mosavuta. Nzeru yake ndi kusankha nsomba zogwirizana ndi madzi amene muli nawo kale pakhomo, chifukwa kusintha madzi ndi mankhwala kuti agwirizane ndi nsomba ndi ntchito yodula ndi yotopetsa.

Palinso nkhani ya kutentha. Nsomba zambiri za kumaiko otentha zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26. Kwa anzathu a ku Salima, Nkhotakota, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje, madzi a m'nyumba satsika kwenikweni, ndipo vuto lawo ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, pakuti madzi akatentha mpweya wopuma nsomba umachepamo. Koma ku Dedza, Ntcheu, Mzimba, Mzuzu ngakhale ku Lilongwe, usiku wa mu Juni ndi Julaye umazizira kwambiri. Kumeneko pamafunika hita ya magetsi yoika m'madzi, apo ayi musankhe nsomba zopirira kuzizira. Poti magetsi amathimathima, ndi bwino kudalira nsomba zopirira kusiyana ndi kudalira hita yokha.

Funso lachinayi: imakhala pati, ndipo zimafunika zingati?

Asodzi amadziwa kuti usipa umayenda pamwamba pomwe kampango amakhala pansi. M'thanki namonso muli nsomba za pamwamba, za pakati ndi za pansi. Mukasankha mtundu umodzi wa malo alionse, sizilimbirana malo kapena chakudya.

Chinanso, nsomba zing'onozing'ono zambiri ndi zoyenda m'chigulu monga usipa ndi utaka. Ikakhala yokha kapena ziwiri imachita mantha, imafwifwa ndipo mwina imayamba kuluma zinzake. Zotere zimafunika zosachepera 6 za mtundu umodzi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, pogula imodziimodzi ya mitundu khumi. Kuli bwino mitundu itatu yokha koma uliwonse ukhale ndi gulu lokwanira.

Khola liyambe, chiweto pambuyo

Palibe amene amagula mbuzi asanamange khola. Thanki nayo iyenera kukonzeka nsomba zisanafike. Ambiri amaganiza kuti thanki yaing'ono ndiyo yosavuta, koma ayi ndithu. Madzi ochepa amaipa msanga ndiponso amazizira msanga. Kambale kozungulira ka galasi kaja n'kosayenera nsomba iliyonse. Yaing'ono kwenikweni ikhale ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, imene imalowa malita 54. Ngati mungathe, pezani ya masentimita 80 m'litali, 35 m'lifupi ndi 40 msinkhu, ya malita 112, ndiye kuti ndowa za malita 20 zisanu ndi theka. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki yotere ikadzaza imalemera kuposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, choncho tebulo lake likhale lolimba ndi losapendekeka, ndipo likhale posawomba dzuwa.

Thanki yatsopano siikhala yokonzeka tsiku lomwelo ngakhale madzi awoneke oyera. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, yemwe uja amatsamwitsa m'khola la nkhuku losasesa. Amoniya ndi poizoni kwa nsomba. M'sefa ya thanki, m'kasiponji kamene madzi amadutsamo, mumamera mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenaka ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe alibe ululu wambiri. Nitrate ameneyu ndi chakudya cha mbewu, ndipo ndi yemwe alinso mu feteleza wa CAN. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6. M'nthawi imeneyi sefa iziyenda, ndipo muziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono tsiku lililonse ngakhale mulibe nsomba, kuti mabakiteriya apeze chodya. Mnzanu amene ali ndi thanki yakale yopanda matenda akakupatsaniko chidutswa cha siponji yake, nthawiyi imafupika.

Nsomba zoyenera kuyamba nazo

Maina amene tilembe pano ndi omwe ogulitsa amawadziwa, choncho asungeni.

Guppy ndi kansomba kochokera ku Trinidad, Venezuela ndi maiko oyandikana nawo. Dzinali ndi la Robert John Lechmere Guppy, amene adatumiza tinsombati ku London kuchokera ku Trinidad mu 1866. Yamphongo imafika masentimita 3 ndipo ndiyo yokongola, ya mchira wotambasuka ngati nsalu. Yaikazi imafika masentimita 5 kapena 6. Guppy siikira mazira, imabereka ana amoyo, pafupifupi mwezi uliwonse. Imakonda madzi a laimu, motero imayanjana ndi madzi a pa mjigo. Yamphongo imavutitsa yaikazi kosalekeza, choncho pa yamphongo imodzi pakhale zazikazi ziwiri kapena zitatu. Ngati simukufuna ana, wetani zamphongo zokhazokha. Dziwaninso kuti yaikazi ikakumana ndi yamphongo kamodzi imatha kubereka maulendo angapo popanda kukumananso nayo, ndiye musadabwe mukagula zazikazi zokha n'kupeza ana m'thanki.

Platy ndi mbale wake wa guppy wochokera ku Mexico ndi ku Central America. Imafika masentimita 5 kapena 6, ndi yojintcha pang'ono, ndipo ilipo yofiira, yachikasu ndi yamathothomathotho. Nayonso imabereka ana amoyo ndipo imakonda madzi a laimu. Pa kupirira imaposa guppy wa masiku ano, ndipo ilibe mchira wautali woti zinzake ziziluma. Kwa munthu amene sanawetepo nsomba, iyi ndiyo yoyamba kuiganizira.

Zebra danio ndi ya ku India ndi Bangladesh. Ili ndi mizere yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira ndipo imafika masentimita 4 kapena 5. Ndi ya banja limodzi ndi usipa wathu, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: imayenda pamwamba, m'chigulu, mothamanga. Imapirira madzi ozizira mpaka madigiri 18 ndipo siisankha madzi. Poti ndi yothamanga imafuna thanki yaitali, ndipo imadumpha, choncho thanki ikhale ndi chivundikiro. Zikhale 6 kapena kuposa. Zikachepa zimayamba kuvutitsa nsomba za michira itali.

White cloud minnow ndi kansomba ka masentimita 4 kochokera kumapiri a kufupi ndi mzinda wa Guangzhou ku China. Kamakondwa m'madzi ozizirirapo, a madigiri 16 mpaka 22. N'koyenera kwa anzathu a kumapiri amene alibe hita, koma kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire kadzavutika ndi kutentha.

Cherry barb ndi ya ku Sri Lanka, mbale wake wa matemba. Yamphongo imafiira ngati tomato wakupsa. Ndi yofatsa, yamanyazi pang'ono, imafika masentimita 5 ndipo imakhala pakati pa madzi. Imafuna zomera kapena miyala yobisalamo. Harlequin rasbora, ya ku Malaysia ndi Thailand, nayo ndi yofatsa ndi yoyenda m'chigulu pakati pa madzi. Mungaizindikire ndi banga lakuda la ngodya zitatu cha kumchira. Iyi imakonda madzi ofewerapo.

Corydoras ndi timilamba ting'onoting'ono ta ku South America, ta ndevu ngati mlamba wathu koma tosapitirira masentimita 7, ndipo sitidya nsomba zinzake. Timakhala pansi n'kumafufuza chakudya mu mchenga ndi ndevu zake. Chifukwa cha ichi pansi pa thanki pakhale mchenga wosalala wotsuka bwino, pakuti miyala yakuthwa imadula ndevuzo. Nato timafuna kukhala 6. Mudzatiwona nthawi zina tikuthamangira pamwamba kukameza mpweya n'kubwerera pansi. Ndi chibadwa chake, musade nkhawa. Ena amati timeneti timadya ndowe za zinzake. Si zowona. Timafuna chakudya chakechake chomira pansi. Mtundu wa bronze umakonda madzi ofunda, pomwe wa peppered umapirira kuzizira.

Nanga neon tetra, kansomba ka mzere wobiriwira wowala ndi kofiira kumchira kamene aliyense amakasirira? Ndi kofatsa ndithu, koma kwawo ndi ku mitsinje ya Amazon ya madzi ofewa, ndipo kamafa msanga m'thanki yatsopano. Dikirani thanki ithe miyezi itatu, ndipo ngati madzi anu ndi a laimu wambiri, kalekeni.

Nsomba zoyamba mwazipewa

Tiger barb, ya mizere inayi yakuda, ndi katswiri woluma zipsepse. Guppy akakhala nayo, mchira umatha pa masiku owerengeka. Betta, yomwe ena amati fighter, ndi ya ku Thailand, ndipo zamphongo ziwiri zikakumana zimamenyana mpaka ina kuvulala kapena kufa. Ikawona guppy wa mchira waukulu imayesa mnzake n'kuyamba ndewu.

Angelfish imawoneka yaulemu posambira, koma ndi ya banja la chambo. Ikakula imameza neon tetra, ndipo ikafuna kuikira mazira imalanda theka la thanki. Oscar nayo ndi ya banja lomwelo. Red tail shark imalanda pansi ponse n'kumathamangitsa corydoras. Bala shark ndi yofatsa koma imafika masentimita 30.

Ogulitsa ena adzakuuzani kuti mugule nsomba yotsuka galasi. Chenjerani pamenepa. Pleco wamba amapitirira masentimita 30 ndipo amadetsa madzi kuposa m'mene amatsukira. Chinese algae eater ikakula imaleka kudya ndere n'kuyamba kukakamira pa matupi a zinzake. Ngati mufunadi yodya ndere, funsani bristlenose, imene imalekera pa masentimita 12 mpaka 15, ndipo ikhale imodzi yokha m'thanki yosachepera malita 100. Apo ayi pukutani galasi nokha ndi kansalu katsopano kosakhudza sopo.

Goldfish nayo isasakanizidwe ndi nsomba tatchulazi. Ndi ya madzi ozizira, imapitirira masentimita 20, imadya kwambiri ndipo ndowe zake n'zambiri.

Nanga mbuna zathu?

Wina afunsa kuti, bwanji tikuvutika ndi nsomba za ku India ndi ku Mexico pomwe nyanja yathu ili ndi nsomba zokongola kuposa zimenezo? Funsoli n'lomveka. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo ya banja la chambo yokha imaposa 700. N'chifukwa chake boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mbuna, tinsomba ta m'miyala tija, zimawetedwa m'nyumba za anthu ku Ulaya, ku Amereka ndi ku Asia. Malemu Stuart Grant, amene adamwalira mu 2007, adakhala zaka zambiri akutumiza kunja nsomba zamoyo kuchokera ku Kambiri Point ku Salima, ndipo pali nsomba ina imene akatswiri adaitcha dzina lake.

Koma mbuna si nsomba ya m'thanki yamtendere. M'nyanja yamphongo iliyonse imakhala ndi mwala wake umene imapalapo ndere ndi kukopera zazikazi, ndipo imauteteza ndi mano. Mukaiika pamodzi ndi guppy kapena platy, izo sizitha sabata. Mbuna zimafuna thanki yakeyake yosachepera malita 200, yodzaza miyala yokhala ndi mapanga, madzi a laimu, ndi chakudya chochokera ku zomera. Zikamadya zanyama kwambiri zimatupa mimba n'kufa. Mtundu wachikasu wotchedwa yellow lab, wochokera cha ku Nkhata Bay, ndiwo wofatsirapo, pomwe auratus ndi wolusa zedi. Amene mtima wake uli pa mbuna ayambe waphunzira chaka chimodzi ndi nsomba zofatsa. Ndipo asakagwire yekha ku Cape Maclear, pakuti nsomba za m'malo otetezedwa ndi zoletsedwa kugwira.

Chitsanzo cha thanki yoyamba

Muyeso wothandiza pa nsomba zing'onozing'ono ndi wakuti sentimita imodzi ya nsomba yokula ifanane ndi lita imodzi ya madzi. Tiyeni titenge thanki ija ya malita 112 ndi madzi a pa mjigo. Pamwamba ikani zebra danio 8, pakati platy 4, yamphongo imodzi ndi zazikazi zitatu, ndipo pansi corydoras 6. Mukawonkhetsa misinkhu yake zikadzakula mupeza masentimita osakwana 112, ndiye kuti malo akwana. Kumadera ozizira opanda hita, m'malo mwa platy ikani white cloud 6, ndipo corydoras akhale a peppered. Ngati thanki yanu ndi ya malita 54, khutirani ndi guppy amphongo 8 kapena platy 5 basi.

Musaziike zonse tsiku limodzi, chifukwa mabakiteriya a m'sefa amachuluka molingana ndi ndowe zimene akulandira. Yambani ndi danio. Pakapita masabata awiri zonse zili bwino, wonjezerani platy. Pakapitanso masabata ena awiri, bweretsani corydoras. Kuwona maso a nkhono n'kudekha. Thanki yosadzaza kwambiri ndiyonso imapulumuka magetsi akathima kwa nthawi yaitali.

Tsiku logula

Imani patsogolo pa thanki ya wogulitsa kwa mphindi zingapo musanalankhule. Nsomba yathanzi imasambira mowongoka, zipsepse zili chitambasukire, mimba yosaphwa. Musagule m'thanki imene muli nsomba yakufa, kapena yokhala ndi timadontho toyera ngati mchere pathupi, kapena yodzikhula ku miyala, kapena yopuma movutikira pamwamba. Timadontho toyerato ndi matenda opatsirana ofulumira. Ngakhale nsomba imene mwasankha iwoneke bwino, madzi ake ndi amodzi ndi yodwalayo.

Amene mukuchokera kutali, gulani nsomba pomaliza pa zonse, basi itatsala pang'ono kunyamuka. M'jumbo mukhale madzi gawo limodzi ndi mpweya magawo awiri. Ikani jumboyo m'katoni, muifunde ndi chitenje, ndipo muinyamule pa miyendo, kutali ndi dzuwa ndi injini. Mukafika, yandamitsani jumbo yosamasula m'thanki kwa mphindi 20 kuti kutentha kufanane. Kenaka thiranimo madzi a m'thanki pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, ndipo pomaliza tulutsani nsomba ndi kaukonde. Madzi a m'jumbo musawathire m'thanki. M'tsogolo mukamagula nsomba zina, ziyambe zakhala pazokha masabata awiri kapena kuposa, monga timachitira ndi nkhuku yogula pa msika poopa chitopa.

Zimene zimapha nsomba pakhomo pa mlimi

Choyamba ndi kudyetsa mopitirira. Zipatseni chakudya chake chogula, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, chongokwana kutha pa mphindi ziwiri. Nsima, buledi ndi madeya ndi za nsomba za pa dziwe. M'thanki zimawola n'kuipitsa madzi. Ana awuzidwe kuti wodyetsa ndi mmodzi.

Chachiwiri ndi mankhwala. Ndowa kapena botolo limene lidakhalamo mankhwala opopera thonje, fodya, tomato kapena othira m'chimanga lisayandikire thanki ngakhale mutalitsuka chotani. Cypermethrin ndi anzake amapha nsomba ngakhale atakhala kadontho. Mukamapopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, thimitsani pampu ya mpweya ndi kufunda thanki yonse ndi pulasitiki mpaka fungo litatha. Thanki ikhale ndi ndowa yakeyake yosalowa sopo, ndipo musambe m'manja ndi madzi okha musanapise dzanja m'madzi.

Chachitatu ndi madzi a pa mpopi, amene amakhala ndi klorini. Athireni mankhwala ochotsa klorini ogula kwa ogulitsa nsomba, apo ayi agone m'ndowa tsiku lathunthu. Pa ndowapo vundikirani neti kuti udzudzu usaikiremo mazira. M'thanki mwenimwenimo udzudzu sungaswane, pakuti nsomba zimadya mphutsi zake. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthira atsopano. Osachotsa onse. Siponji ya m'sefa muziitsukira m'madzi ochotsawo, chifukwa a pa mpopi amapha mabakiteriya aja. Mukatero kathirireni madziwo ku mpiru kapena tomato, ndi manyowa abwino.

Magetsi akathima, lekani kudyetsa. Ngati kukuzizira fundani thanki ndi bulangete. Pakapita kanthawi tungani madzi ndi kapu n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kangapo kuti mpweya ulowe. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena sola n'kothandiza koposa.

Musadzataye nsomba zamoyo mu mtsinje

Tsiku lidzafika pamene guppy ndi platy zidzaswana mpaka kudzaza thanki, kapena inu mudzatopa nazo. Pamenepo musadzachite chisoni cholakwika chokazitaya mu mtsinje, m'dambo, m'dziwe la chambo kapena m'ngalande. Mitsinje yathu yambiri imathera m'nyanja ya Malawi kapena mu Shire, ndipo nsomba yachilendo ikalowa simungaichotsenso. Ku nyanja ya Victoria anthu adaikamo nsomba ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu yambiri ya nsomba za banja la chambo, pafupifupi 200, idali itasowa. Kuno kwathu tili ndi phunziro la namasupuni. Chomerachi kwawo ndi ku South America, chidafalikira m'maiko chifukwa anthu adakopeka ndi maluwa ake, koma tawonani m'mene chavutitsira asodzi mu Shire ndi makina opangira magetsi ku Nkula.

Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kuika nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo cha Dipatimenti ya za Nsomba. Nsomba zotsala perekani kwa mnzanu wa thanki, kwa sukulu imene ili nayo, kapena mubweze kwa wogulitsa. Madzi ndi zomera za m'thanki tayirani pa mtunda. Amene akufuna kuitanitsa nsomba kunja kapena kuyamba kuziswetsa kuti azigulitsa, ayambe wafika ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lake.

Pomaliza, alimi anzanga, lembani mafunso anayi aja pa kapepala ndipo mupite nako kwa wogulitsa. Akalephera kukuuzani dzina la nsomba ndi msinkhu umene idzafike, bwezani ndalama m'thumba, mudzagule tsiku lina. Safunsa adadya phula.